Ndalama za maphunziro apamwamba a Chinyanja zilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza

ULONGWE — Kalembera wa anthu amene anachitika m'dziko lino m'chaka cha 2017 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 8 anayamwira Chinyanja. Ambiri mwa iwo ali m'maboma a m'malire: Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde m'chigawo cha Tete, m'mphepete mwa nyanja ku Niassa, ndiponso ku Milange m'chigawo cha Zambézia. Ndi khamu lalikulu ndithu. Komabe munthu akafunsa kuti ndani anafufuza chilankhulochi mozama ndi kulemba mabuku a malamulo ake, mayina amene amatchulidwa msanga ndi a anthu a kutsidya kwa malire, kapena a ansembe a mishoni amene anamwalira kalekale.

Chifukwa chake si kuchepa nzeru kwa ana a m'maboma amenewa. Chifukwa chachikulu ndi ndalama, ndiponso kusadziwa kumene ndalamazo zimapezeka.

Nkhani iyambe ndi makwerero ake, kuti gogo amene akuwerengeredwa ndi mdzukulu amve bwino. Mwana akatsiriza kalasi 12 akhoza kulowa ku yunivesite, n'kuphunzira zaka zinayi kuti alandire digiri yoyamba, imene pa Chipwitikizi amati licenciatura. Pamwamba pa iyo pali mestrado, ya zaka ziwiri, ndipo pamwamba penipeni pali doutoramento, imene imatenga zaka zitatu kapena zinayi, nthawi zina kuposerapo. Makwerero awiri omalizawa ndiwo nkhani ya lero. Pamenepa munthu sangomvera za mphunzitsi ayi. Amafufuza yekha, amalemba buku la zimene wapeza, kenaka amaima pamaso pa akatswiri kuyankha mafunso awo. Wotsiriza doutoramento ndiye dokotala weniweni wa maphunziro, ngakhale kuti m'dziko lino ulemu umachititsa anthu kuitana "doutor" aliyense amene wangovala tayi ndi kunyamula chikwama.

Thandizo la ndalama limene wophunzira amapatsidwa kuti akwere makwerero amenewa ndilo lija anthu amati bolsa. Ina imalipira sukulu yokha. Ina imalipira sukulu, ulendo, nyumba, chakudya ndi mabuku. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa munthu asanasaine kalata iliyonse.

Funso la makolo

Kholo limene lagulitsa matumba a mbatata ya kachewere, nyemba kapena fodya kuti mwana atsirize licenciatura lili ndi funso lomveka. Mwana akaphunzira za ulimi amabwera ndi nzeru za kumunda, akaphunzira za chipatala amabwera kudzachiza anthu. Nanga uyu wofuna kupita kutali kukaphunzira chilankhulo chimene anachidziwa ali kumsana, adzabwera ndi chiyani?

Yankho lili m'kalasi yoyamba ya sukulu ya kumudzi. Kwa zaka zambiri mwana wa ku Domwe kapena ku Furancungo ankalowa sukulu tsiku loyamba n'kupeza mphunzitsi akulankhula Chipwitikizi chokhachokha, chilankhulo chimene sanachimvepo kunyumba. Ankayenera kuphunzira kuwerenga, kuphunzira masamu ndi kuphunzira chilankhulo chachilendo, zonsezo pa nthawi imodzi. Ambiri ankangokhala duu, ena ankabwereza kalasi, ndipo ena ankasiya n'kubwerera kukaweta ng'ombe.

Nkhondo itatha mu 1992, bungwe la boma loona za kakonzedwe ka maphunziro, la INDE, linayesa njira ina. Kuyambira 1993 mpaka 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ana a m'masukulu ochepa anayamba kuphunzira m'chilankhulo chawo, ndipo Chipwitikizi chinkalowa pang'onopang'ono. Zilankhulo zimene zinasankhidwa zinali ziwiri zokha m'dziko lonse: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Amene anatsatira ntchitoyi analemba kuti ana ankayankha momasuka m'kalasi ndiponso kuti makolo anaikonda. Mu 2003 boma linayamba kulowetsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu ena a m'midzi, m'zilankhulo 16 za m'dziko lino. Mwana amayamba ndi chilankhulo cha kwawo, ndipo akafika cha m'kalasi 4 Chipwitikizi chimatenga malo aakulu. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004 nawonso, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zilankhulo za m'dziko muno ndipo lidzazitukula, ngakhale kuti ndime 10 ikuti chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi.

Tsono lamulo sililemba buku. Kuti mwana aphunzire masamu m'Chinyanja, wina ayenera kugamula kuti kuchotsera, kugawa ndi kuchulukitsa zilembedwa bwanji, ndipo mawu amene kulibe apezeka kuti. Wina ayenera kuphunzitsa aphunzitsi, pakuti kulankhula chilankhulo ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri. Aliyense amadziwa kuti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, ndipo khutu limasiyanitsa mwa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Koma kufotokozera mwana wa zaka 7 chifukwa chake, ndi kukonza buku loti asasokonezeke, ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira Linguística, ndiye kuti maphunziro a kapangidwe ka zilankhulo.

Ngakhale kalembedwe komwe kali ndi nkhani yake. Gulu la NELIMO la pa Universidade Eduardo Mondlane linasonkhanitsa akatswiri mu 1988 kuti agwirizane za kalembedwe ka zilankhulo za m'dziko lino, ndipo misonkhano ina inachitika mu 1999 ndi mu 2008. Kuchokera kumeneko mabuku a sukulu a kuno amalemba "Cinyanja" ndi c yekha, pamene ku Malawi amalemba ch. Anthu zikwizikwi a m'malire anaphunzira kuwerenga ali othawa nkhondo ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Mulanje, ndipo dzanja lawo linazolowera ch. Mwana akabwera ndi buku la kusukulu, bambo amaona ngati pali cholakwika. Zinthu zotere zimagamulidwa pa misonkhano ya akatswiri, ndipo pa msonkhano wotero amalankhula ndi amene ali ndi mapepala a maphunziro. Ngati pampando palibe mwana wa ku Angónia kapena wa ku Metangula, ena adzagamula m'malo mwake.

Amene anadutsa kale

Njirayi si yatsopano. Dikishonale ya Chinyanja ndi Chipwitikizi imene inasindikizidwa ku Lisboa mu 1963 inalembedwa ndi ansembe a Chijezuiti, a gulu limene linagwira ntchito ku mishoni ya Lifidzi. Eni chilankhulo ndi amene anapereka mawu, koma pachikuto palibe dzina lawo.

Kutsidya, a Sam Mchombo a ku Malawi anatenga doutoramento ku London mu 1978, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa ku yunivesite ya California ku Berkeley, m'dziko la America. Buku lawo lofotokoza kamangidwe ka ziganizo za Chichewa linatuluka ku Cambridge mu 2004. A Al Mtenje nawonso anaphunzira ku London, ndipo anafufuza kwambiri za kamvekedwe ka mawu. Mu 1996 yunivesite ya Malawi inatsegula ku Zomba likulu la kafukufuku wa zilankhulo, limene mu 2000 linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, dikishonale yomasulira mawu a Chinyanja m'Chinyanja momwe.

M'dziko lino chitsanzo chapafupi ndi a Armindo Ngunga, mwana wa ku Niassa wolankhula Chiyao. Iwo anatenga doutoramento ku Berkeley mu 1997 pofufuza aneni a Chiyao, nabwerera kudzaphunzitsa ku Maputo, natsogolera Centro de Estudos Africanos, ndipo pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa nduna ya maphunziro. A Bento Sitoe, amene analemba dikishonale ya Chichangana ndi Chipwitikizi ya mu 1996, anatsiriza maphunziro awo ku Leiden, m'dziko la Holland, mu 2001. A Feliciano Chimbutane anafufuza za maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu a kumidzi ya ku Gaza ndipo anatenga doutoramento ku Birmingham mu 2009. Kumbali ya Literatura, ndiye kuti maphunziro a nthano, ndakatulo ndi mabuku, a Lourenço do Rosário anasonkhanitsa ndi kusanthula nthano za m'chigwa cha Zambezi m'buku lawo la mu 1989.

Onsewa anachita kutuluka m'dziko kuti afike pamwamba. Lero Universidade Eduardo Mondlane imaphunzitsa yokha mestrado ndi doutoramento za Linguística, choncho sikofunikanso kuwoloka nyanja yamchere. Koma kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo moyo wa mumzindawo ndi wodula. Nthambi ya Universidade Zambeze imene ili ku Ulongwe komweko ndi ya zaulimi. Pamene Universidade Pedagógica inagawidwa mu 2019, chigawo cha Tete chinagwera ku Universidade Púnguè, Niassa ku Universidade Rovuma ndipo Zambézia ku Universidade Licungo. Zimenezi zinabweretsa digiri yoyamba pafupi ndi anthu, koma wofuna kukwera pamwamba amafunikabe thumba.

Kumene ndalama zimachokera

Khomo loyamba ndi la boma. Mu 2007 linakhazikitsa Instituto de Bolsas de Estudo, ofesi imene imalengeza ndi kugawa mabolsa a m'dziko muno ndi ena operekedwa ndi mayiko apaubwenzi. Munthu amene amatsatira zolengeza zake amaona msanga kuti malo ambiri amapita ku uinjiniya, zaumoyo, ulimi ndi sayansi. Sizodabwitsa m'dziko losowa madokotala ndi milatho. Koma zikutanthauza kuti wa zilankhulo amalimbirana timalo tochepa.

Khomo lachiwiri, ndipo mwina ndilo lotseguka kwambiri kwa mwana wa kuno, ndi la mayiko olankhula Chipwitikizi. Dziko la Portugal, kudzera ku Instituto Camões, limapereka mabolsa a mestrado ndi doutoramento kwa anthu a m'mayiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi. Dziko la Brasil lili ndi ndondomeko yotchedwa PEC-PG, imene inayamba mu 1981, yolandira ophunzira a m'mayiko osauka m'mayunivesite ake. Wofunsira amayenera kutumiza dongosolo la zimene akufuna kufufuza, ndipo akatsiriza abwerere kwawo. Anthu a ku Brasil ali ndi chidwi ndi zilankhulo za kuno chifukwa makolo a ambiri mwa iwo anatengedwa ukapolo ku Africa, ena kuchokera ku magombe a Mozambique.

Khomo lachitatu ndi la Chingerezi. Dziko lino linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo nzika zake zikhoza kufunsira mabolsa a bungweli opita ku Britain. Palinso bolsa ya Chevening, ya boma la Britain, imene imalipira mestrado ya chaka chimodzi. Imafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka ziwiri, ndipo akatsiriza ayenera kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Ya Fulbright, ya ku America, imafunsiridwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Maputo, ndipo imafuna mayeso a Chingerezi.

Makomo ena anatsekeka, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti munthu asataye nthawi ndi nkhani zakale. Bungwe la Ford Foundation linali ndi bolsa yofunafuna makamaka anthu ochokera kumadera osalidwa ndi akutali, ndipo Mozambique inali m'gulu la mayiko ake. Inayamba mu 2001 ndipo inatha mu 2013. Dziko la Sweden nalonso linathandiza Universidade Eduardo Mondlane kuyambira 1978, kwa zaka zoposa 40, ndipo aphunzitsi ambiri a payunivesiteyo anatenga doutoramento mwa kupita kunja miyezi ingapo, kubwerera kudzaphunzitsa, n'kupitanso. Koma thandizo lotere limapita kwa amene ali kale pa ntchito ya yunivesite, osati kwa mphunzitsi wa sekondale ya ku Tsangano.

Mwayi wa m'malire

Apa pali chinthu chimene anthu a m'malire sachiwerengera. Chingerezi, chimene chimagwetsa ophunzira ambiri a ku Maputo ndi ku Beira, m'maboma a m'malire si chachilendo kwenikweni. Pali mabanja amene makolo anaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, pali amalonda odutsa pa Calómuè, pa Zóbuè ndi pa Muloza tsiku ndi tsiku, ndipo wailesi za kutsidya zimamveka m'nyumba zambiri. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi Chinyanja choyamwira, Chipwitikizi cha kusukulu ndi Chingerezi chomveka ali ndi zida zitatu zimene mpikisano wa bolsa umafuna. Chingerezi cha pamsika sichikwana kulembera mayeso ayi, chimafunika kunoledwa, koma maziko alipo.

Ndiponso yunivesite yapafupi yophunzitsa mozama chilankhulo chimenechi siili ku Maputo. Ili ku Zomba. Mu 1997 mayiko a m'bungwe la SADC anasaina ku Blantyre pangano la zamaphunziro, limene limati mayunivesite asungire ophunzira a m'mayiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti pakapita nthawi aziwalipiritsa ngati ana a m'dziko momwemo. Pangano papepala ndi zochitika pa windo la kalaliki nthawi zina zimasiyana, choncho wofuna njira imeneyi alembere yunivesiteyo, afunse mtengo ndipo yankho likhale lolembedwa. Akabwerako, digiri yakeyo iyenera kuvomerezedwa ndi boma la kuno, chimene amati equivalência, asanaipereke pofunsira ntchito kapena kukwezedwa.

Choti akafufuze sichisowa. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo dzina la Mozambique lili pomwepo pamodzi ndi Malawi ndi Zambia, koma zolembedwa zambiri za guleyu ndi za kutsidya. Chinyanja cha m'mphepete mwa nyanja ku Cóbuè si chimodzimodzi ndi cha ku Angónia, kumene Angoni anasiya mawu awo, ndiponso si chimodzimodzi ndi cha ku Milange. Mawu monga nsapato, kalata ndi kapitawo analowa kuchokera ku Chipwitikizi zaka mazana apitawo, ndipo ena akulowa lero lomwe pamsika ndi pa wailesi. Palinso nyimbo za pamtondo, za pamaliro ndi za chinamwali zimene zili m'mitu ya agogo okha. Akuluakulu opereka bolsa amawerenga makalata ambirimbiri ofanana. Kalata yonena kuti "ndikufuna kufufuza mmene ana a kalasi 4 m'masukulu atatu a ku Macanga amasinthira kuchoka ku Chinyanja kupita ku Chipwitikizi" imamveka kuposa yongonena kuti munthu amakonda chikhalidwe. Ndipo popeza opereka ndalama ambiri amafunsa kuti maphunzirowo adzathandiza bwanji chitukuko, wanzeru amalumikiza chilankhulo ndi sukulu, chipatala kapena bwalo la milandu, kumene mayi wosadziwa Chipwitikizi amasowa womumasulira.

Mapepala ndi akamberembere

Ambiri sagwa pa nzeru, amagwa pa mapepala. Zofunika nthawi zambiri ndi izi: setifiketi ya licenciatura yokhala ndi malikisi a phunziro lililonse, makope otsimikizidwa kwa notário, bilhete ndi pasipoti zosatha ntchito, makalata awiri kapena atatu a aphunzitsi a kuyunivesite ochitira umboni, ndi dongosolo la kafukufuku. Ngati bolsa ili ya Chingerezi, mapepalawo amasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka. Zonsezi sizichitikira kumudzi. Zimafuna ulendo wa ku Tete, ku Lichinga kapena ku Quelimane, mwina kawiri kapena katatu, ndipo ndalama ya maulendo amenewa palibe bolsa imene imabweza. Apa ndi pamene thumba la mbatata la bambo kapena mbuzi ya malume imagwira ntchito yeniyeni.

Mphunzitsi amene ali pa ntchito ya boma asachoke mwakachetechete. Apemphe chilolezo cholembedwa kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma lake, ndipo afunsitse za malipiro ake pa nthawi imene adzakhale kusukulu, pakuti bolsa imadyetsa munthu mmodzi, siidyetsa mkazi ndi ana otsala kunyumba. Kwa aphunzitsi aakazi mfundo iyi ndi yolemera kawiri. Mayi wa ana aang'ono sachoka zaka ziwiri ngati apongozi, azakhali ndi mwamuna sanakhale pansi n'kugwirizana za osunga ana. Opereka mabolsa ambiri amalemba poyera kuti amalimbikitsa amayi kufunsira, koma kalata ya ku Lisboa siithetsa mlandu wa pabwalo la kunyumba.

Achenjerenso ndi akamberembere. Mabolsa a Chevening, Fulbright, Commonwealth ndi PEC-PG safuna kuti munthu alipire kuti dzina lake lilembedwe. Uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti tumizani ndalama pa M-Pesa kuti tikusungireni malo ndi msampha. Wolonjeza kuti ali ndi m'bale ku unduna amene adzakankha dzina akufuna mbuzi yanu, osati maphunziro a mwana wanu.

Mabolsa ambiri masiku ano amafunsiridwa pa intaneti, ndipo akalengezedwa amakhala otsegula masabata ochepa okha. Ya Chevening imatsegulidwa cha mu Ogasiti, nyengo imene mbewu zagulitsidwa ndipo m'nyumba muli kandalama, ndipo imatsekedwa mvula isanakhazikike. Enawo masiku awo amasinthasintha chaka ndi chaka. Zolengeza zake zimapezeka pa masamba a intaneti a Instituto de Bolsas de Estudo, a maofesi a akazembe ku Maputo ndi a mayunivesite eniake, ndipo amene pasipoti ndi masetifiketi ali nazo kale m'chikwama ndi amene amakwanitsa kutumiza tsiku lisanapitirire.